Mpando wa Anthu Oimirira

Mu thiramu, kasitima kaja koyenda m'misewu ya ku Salford, a Gibson Masanjala sankakhala pansi. Mipando ikhale yopanda anthu, iwo ankagwira chitsulo n'kuima njo, jekete atamanga mabatani mpaka m'khosi. Achinyamata akawanyamukira powaona imvi, ankawathokoza mwaulemu koma osakhala. Akazi awo, mayi Asimenye, anasiya kalekale kuwanyengerera. Ankangokhala okha, chikwama pamiyendo, n'kumayang'ana pawindo ngati munthu waimayo sakumudziwa.

Khalidweli silinayambire kuno. A Gibson anabadwira ku Dedza, ndipo ukalipentala anauphunzira kwa malume awo ku Mchesi mu Lilongwe, kumene utuchi umalowa mpaka m'tiyi. Dzanja anali nalo. Chitseko cha a Gibson sichinkalira, tebulo lawo silinkafuna kapepala kopinda kunsi kwa mwendo. Koma chimene anthu akumeneko amawakumbukira nacho ndi mabenchi amene anakhomera mpingo wawo: osalala bwino, olimba, koma opanda chotsamira. Amayi atadandaula za msana, a Gibson anayankha kuti chotsamira chimaitana tulo, ndipo munthu akabwera kwa Mulungu sabwera kudzapuma. Ankanena zimenezi ali mnyamata, msana wawo usanadziwe kanthu.

Tisawanamizire, sanali munthu wankhanza. Mwana sanamumenyepo, mawu sanakwezerepo mkazi wawo, mowa sanaulawe. Kungoti ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu ali ngati thabwa laliwisi, ukalilekerera limapindika, ndiye kumukonda munthu n'kumupana mpaka aume ali chiwongokere. Anayamba ndi kudzipana iwo eni, choncho sankaona chachilendo popana ena.

Ku Mangalande anabwera potsatira mkazi. Mayi Asimenye, namwino wa ku Karonga, anapeza ntchito pachipatala china zaka zija anamwino ankachoka kwathu motsatana, ndipo patapita nthawi anaitanitsa mwamuna wawo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Taonga, yemwe anali atangoyamba sukulu. Kuno ukalipentala wa a Gibson panalibe woufunsa. Analowa ntchito m'chinyumba chosungiramo katundu, kunyamula makatoni a mipando ya utuchi wopanikiza yomwe wogula amakalumikiza yekha kunyumba. Zinkawawawa, koma sankadandaula. Ankangoti ubwino wake ntchitoyo ndi yoimirira shifiti yonse.

Ulemu umene anautaya kuntchito anaupeza kumpingo. A Malawi a ku Salford anayamba kupemphera m'nyumba za anthu, kenako atachuluka anapempha malo m'tchalitchi china chakalekale cha miyala yakuda, chomwe eni ake anatsala owerengeka. Azungu ankapemphera m'mawa, a Malawi masana. A Gibson anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo popanda wotsutsa.

Kutsogolo kwa tchalitchicho, kufupi ndi guwa, kunali mizere iwiri ya mipando yamatabwa akuda, yoyang'anizana, uliwonse ndi zipupa zake m'mbali. Pokhalira pake pankapindikira m'mwamba. Lamulungu loyamba anthu anaipeza itapindidwa, ndipo kunsi kwa pokhalira paliponse kunali kathabwa kotulukira kunja, kotambalala ngati chikhato. Amayi a kwaya sanachedwe kuikapo mabuku a nyimbo, poti kanthu kotere kangakhalenso ka chiyani? A Gibson anagwada kuti aone mmene mmisiri mnzawo anagwirira ntchito. Atachotsa buku limodzi, anaona zosema kunsi kwa kathabwako, ndipo nkhope inagwa.

Apa mkazi wagwira mwamuna wake ndevu, chipande chili m'mwamba. Apo nkhandwe yavala mkanjo wa mlaliki, ikulalikira atsekwe, mmodzi ali kale m'thumba. Pena bambo wakumbatira mtsuko wa mowa. M'nyumba ya Mulungu, ana akuona. A Gibson anagamula okha kuti kathabwako n'koika mabuku, ndipo amene anasema anali chidakwa chodalitsidwa ndi dzanja labwino. Analamula kuti mipando yonse izitsitsidwa, ndipo Lamulungu lililonse ankafika msanga n'kuyala zitenje pamwamba pake. Anachita zimenezi zaka zambiri, osafunsa munthu.

Ndi iwonso amene anaumirira, mpingo ukukhazikitsidwa, kuti mwambo wakumudzi usatayike. Munthu akalakwa poyera, abwerere poyera. Aime kutsogolo, pamaso pa mpingo, kuyambira zolengeza mpaka ulaliki kutha, kenako apemphereredwe ndi kulandiridwanso. Ena anati kuno n'kwina, ana obadwira kuno sangamvetse. A Gibson anati Mulungu sasintha ndi nyengo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Woyamba kuima anali Lusubilo, mwana wa mayi Mwandida, mayi wamasiye wogwira ntchito yosamalira okalamba. Mtsikanayo anali ndi pakati popanda ukwati. Anaima pamwala wozizira m'nyengo yachisanu, ndipo wolalikira tsiku limenelo anali a Nathaniel, mlembi wa mpingo, munthu wabwino koma wosadziwa pothera. Lusubilo ananjenjemera, anagwira m'chiuno, anasinthasintha mapazi, koma anafika kumapeto. Anamupempherera, amayi anamukumbatira. Sabata yotsatira anasamukira ku Newcastle ndipo sanapondenso m'tchalitchimo. Mayi ake sanasiye kubwera, koma kuyambira pamenepo ankakhala benchi ya kumbuyo kwenikweni, ndipo moni wawo kwa a Gibson unali wa mutu wokha.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Taonga anakula, anamaliza maphunziro, anayamba ntchito pamalo ogulitsira mankhwala. Ndiye anali mtima wa bambo ake. Ali wamng'ono ankamusemera timagalimoto ndi tizidole pakhonde lakuseri, ndipo ndi iye yekha amene ankatha kuwaseka m'maso muli gwa, iwo n'kumwetulira. Tsiku lina anabwera kunyumba ndi Elton, mnyamata wa ku Zambia woyendetsa basi, n'kunena kuti ali ndi pakati. Elton sanathawe. Anagwada bwinobwino, anati ukwati akuufuna, akungodikira kuti akwawo afike. Koma iye sanali wa mpingowo, choncho lamulo silinkamukhudza. Ndi mmene zimakhalira: olakwa amakhala awiri, woima mmodzi.

Mayi Asimenye anayesa kulankhula ndi amuna awo mpaka pakamwa kuuma. Anawakumbutsa kuti mwanayo mapazi akutupa, kuti iwo monga namwino akudziwa chimene kuima nthawi yaitali kumachita kwa mayi wotopa. A Nathaniel nawo anabwera mwakachetechete, nati akulu angathe kukumana naye Taonga paokha, mpingo ungouzidwa. A Gibson anakana. Anati akachita zimenezo adzawayang'ana bwanji mayi Mwandida? Lamulo lopana mwana wa mayi wamasiye lingamasuke pa mwana wa mkulu wa mpingo? Apa tiwavomereze, anali ndi mfundo. Koma chakudya chinasiya kutsika, ndipo anaonda m'masabata ochepa. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

Taonga anali atasamukira kale kwa Elton. Lachisanu la sabata yoti akaime kutsogolo kwa mpingo, anabwera kudzatenga zovala zake zotsala, ndipo anawapeza bambo ake ataima pawindo. Analankhula Chichewa chake chija chopendekera, koma mawu aliwonse anamveka.

“Ndiima, adadi. Ndikuchitira amama, kuti azimayi asamawaloze zala. Koma ndikatuluka pakhomo paja Lamulungu, basi. Musadzandifunefune, ndipo mwanayu sadzakudziwani.”

Sanakuwe, sanalire. A Gibson akanakonda akanalira, chifukwa kuuma kumeneko anakuzindikira kuti n'kwawo. Anamva chitseko chikutsekeka, ndipo anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire.

Loweruka m'mawa anatenga chikwama cha zida n'kupita kutchalitchi. Panali chitseko cha kachipinda kam'mbali chomwe analonjeza kukonza, ndipo kunyumba kunali kosakhalika. Anapezako a Thompson, mzungu wokalamba amene ankasunga makiyi. Kale ankayendetsa basi, ndipo chimwalirireni akazi awo, a Michelle, tchalitchicho chinasanduka ntchito yawo. Anthu awiriwa ankadziwana zaka zambiri, koma nkhani zawo zinali za makiyi ndi mvula. Tsikulo a Thompson anali atapinda mipando yonse ija m'mwamba, akupaka polishi zosema zija ndi kansanza.

Mtima ukakhala ndi chilonda umasaka pokalipira. A Gibson anaika chikwama pansi n'kufunsa, m'Chingerezi chawo chaulemu, chifukwa chimene anthu opemphera amasungira zinthu zochititsa manyazi chotere pafupi ndi guwa. Ngati n'kufuna poika mabuku, iwo akanatha kukhoma shelefu yabwino yopanda zidakwa.

A Thompson anawayang'ana, kenako anaseka mpaka kukhosomola. Anati zaka zonsezi ankaganiza kuti a Malawi amatsitsa mipandoyo pofuna kukhalapo, ndipo zitenjezo n'zokongoletsa. Anawagwira mkono a Gibson, nawalowetsa mu umodzi wa mipandoyo, nawauza atembenuke ayang'ane kutsogolo, aime mowongoka, kenako abwerere m'mbuyo pang'ono chabe.

Kathabwa kaja kanawalandira. Mapazi anali pansi, msana uli chiwongokere, mutu uli m'mwamba, koma kulemera konse kunachoka m'mawondo. A Gibson anatulutsa mpweya umene sankadziwa kuti ausunga. Anachita manyazi n'kufuna kuchokapo, koma miyendo inakana.

Pamenepo a Thompson anafotokoza mmene iwonso anamvera kwa amene ankasunga makiyi iwo asanayambe. Mipandoyo inachokera kunyumba ya amonke, amuna akale odzipereka kupemphera, zaka mazanamazana zapitazo. Lamulo lawo linali lakuti mapemphero aziimba ataimirira, ndipo mapempherowo anali aatali, kangapo patsiku, m'chisanu chopanda moto. Anyamata ankakwanitsa. Koma amonke nawo amakalamba, amadwala, ndipo ena ankagwa pakati pa salimo. Ndiye amisiri anawaikira kathabwako, kuti wofooka aime pamodzi ndi anzake popanda kugwa.

“Lamulo sanalisinthe,” anatero a Thompson. “Linati aime, ndipo ankaima. Kungoti anthu aja ankadziwa kuti lamulo lilibe mawondo. Munthu ndiye ali nawo.”

A Gibson anafunsa ngati kumeneko sikunali kunamiza Mulungu. A Thompson anati sakuganiza kuti alipo anayesa kubisa, poti kathabwako anakapatsa dzina, ndipo dzinalo m'chilankhulo chawo chakale ndi chifundo. Za zosemazo anati mmene iwo amaonera, oyera mtima anawaika m'mawindo, m'mwamba, kuti munthu aziyang'ana kumene akupita. Koma pansi, potsamira, anasemapo anthu monga alili: okangana, adyera, onyenga, okondana mopusa. Mmonke wotopa ankatsamira pamenepo n'kukumbukira kuti naye ndi wa mtundu womwewo.

Kenako anawaonetsa chosema chimene akazi awo ankachikonda, cha nkhalamba ikukankha mkazi wake pa wilibala. Anati iwo ndi a Michelle ankatsutsana nthawi zonse, wina akuti akupita naye kumsika, wina akuti akukamutaya kumtsinje. Koma m'zaka zomaliza, a Michelle atasiya kuyenda, iwo akuwakankha panjinga ya olumala m'mvula ya kuno, anasiya kutsutsa. Anati masiku ena umamva ngati ukupita kumsika, masiku ena kumtsinje, ndipo wosemayo ayenera kuti ankadziwa zonse ziwiri, n'chifukwa chake manja a nkhalambayo anawasema atagwira zolimba.

A Thompson atapita kukatereka tiyi, a Gibson anagwada monga anachitira tsiku loyamba lija, koma ulendo uno anayang'ana ngati mmisiri. Pamwamba pa kathabwako panali posalala, polowa pang'ono pakati, osati ndi tchizulo koma ndi matupi a anthu. Anayendetsa chala m'mphepete kufunafuna msomali, guluu, kapena mzere wolumikizira. Sanaupeze. Kathabwako sikanachite kukhomedwa pambuyo pake anthu atadandaula. Kanasemedwa kuchokera m'thabwa limodzi ndi mpando womwewo, ndiye kuti mmisiri anakaganizira asanayambe n'kudula komwe. A Gibson anakhala chigwadire nthawi yaitali. Chitseko chija sanachikonze tsiku limenelo.

Lamulungu masana anafika msanga monga mwa nthawi zonse, koma zitenje anazisiya m'chikwama, ndipo mipando anaisiya chipindire. Anthu anadzaza, ngakhale amene ankabwera pa Khirisimasi pokha, poti nkhani zotere zimayenda popanda wozituma. Taonga analowa ndi Elton, atavala diresi lakuda ndi nsapato za mayi ake, chifukwa zake zinali zitasiya kulowa. Iye sanawayang'ane bambo ake.

A Nathaniel atatchula dzina lake, Taonga ananyamuka n'kuyenda pang'onopang'ono kulunjika pamwala paja anaima Lusubilo. Asanafikepo, a Gibson anachoka patebulo la akulu. Anamugwira chigongono, iye n'kuuma thupi, koma sanakane. Anamutsogolera kumipando ija, namulowetsa mumpando woyamba, woonekera bwino kwa mpingo wonse.

“Ima mowongoka, mama. Tsopano bwerera m'mbuyo pang'ono.”

Taonga anabwerera, ndipo maso ake anatseguka. Anayang'ana bambo ake koyamba tsikulo. Iwo analowa mumpando wotsatira naima pambali pake, manja kumbuyo.

M'tchalitchi munayamba manong'onong'o. A Nathaniel anasendera pafupi, buku lili m'manja, n'kufunsa chapansipansi ngati mwanayo waima kapena wakhala. A Gibson anawafunsa kumene kuli mapazi ake. A Nathaniel anayang'ana, nati ali pansi. Ndiye waima, anatero a Gibson. A Nathaniel anawakumbutsanso kuti malo awo ali patebulo la akulu.

“Ndine bambo wake. Lero malo anga ndi ano.”

A Nathaniel anabwerera kuguwa. Mwina anafuna kufupikitsa, koma chizolowezi ndi chizolowezi, ulaliki unatalika monga mwa masiku onse. A Gibson anaima chilili, osakhudza kathabwa kumbuyo kwawo, ngakhale ankakamva kuti kalipo. Anali asanadye bwino masabata angapo, ndipo mawondo a zaka zonse za makatoni anayamba kunjenjemera. Thalauza linkagwedezeka, thukuta linatsika m'khosi. Anaganiza za Lusubilo, yemwe anaima chonchi ali ndi pakati, popanda munthu pambali pake, ndipo zinawapweteka kuposa mawondowo.

“Adadi,” ananong'oneza Taonga, maso ali kutsogolo. “Tsamirani.”

Anatsamira, mpingo wonse ukuona.

Pemphero litatha, amayi anamuzungulira Taonga n'kutuluka naye panja. A Gibson anatsalira, akulongedza mabuku amene sanafunike kulongedza, poopa kuyang'ana pakhomo. Atatembenuka anapeza mayi Mwandida ataima pafupi ndi mpando uja anaima Taonga, akusisita kathabwako ndi chikhato. Kanali koyamba m'zaka zonsezi kufika kutsogolo.

“Kanalipo kale kameneka?”

“Kanalipo, mayi.”

“Ndi tsiku lijanso?”

“Kanalipo. Ine ndinakaphimba.”

Mayi Mwandida sanakalipe, ndipo sananene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo. Anangoti mdzukulu wawo wa ku Newcastle akuyamba sukulu chaka chino, kenako anakonza mpango wawo n'kutuluka. A Gibson anadziwa kuti ulendo wa ku Newcastle ukuwadikira, ndipo mwina chitseko sakawatsekulira.

Panja kunali kamvula kaja kosanyowetsa msanga. Pabwalo panalibe munthu. Anayenda okha kupita pokwerera thiramu, chikwama cha zitenje chili kukhwapa, mtima utavomera kuti mwana wapita monga ananenera. Pokhota pamsewu anaona anthu atatu pansi pa denga la pasiteji: mayi Asimenye, Elton, ndi Taonga. Thiramu imodzi inali itadutsa kale, iwo osakwera.

Ina itafika analowa onse, ndipo a Gibson anagwira chitsulo chawo cha masiku onse. Taonga anakhala pawindo, nachotsa chikwama chake pampando wa pambali, n'kuumenya kawiri ndi chikhato.

A Gibson anasiya chitsulo, nakhala pansi.